Mayi Makawa, Obaya Zala Kundende

Sabata yathayi chakwana chaka chiwaikireni m'manda Mayi Makawa kwawo ku Malosa. Pamaliropo ndinalipo. Ndinaima kumbuyo ndi anzanga awiri a kuntchito, tonse titavala zovala wamba. Olankhula anali ambiri: a mpingo, a kubanja, ndi bambo wina wa ku ofesi ya zaumoyo amene anawerenga papepala kuti malemuwa anali olimbikira ntchito komanso ofatsa. Zolimbikira ntchitozo n'zoona. Koma atafika pa kufatsapo, ife amene tinakanganapo nawo tinangoyang'anana. Woyendetsa mwambo atafunsa ngati panali wina wochokera kundende wofuna kuikapo mawu, anzangawo anandikodola, ine n'kupukusa mutu. Zimene ndinali nazo mumtima sizinali zonenera pagulu, ndipo zina zilizonse zimene ndikananena zikanakhala zokometsera ngati za papepala zija.

Ine ndine msilikali wa ndende kuno ku Zomba. Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yotenga akaidi m'maselo, kuwaperekeza ku kachipatala ka mkati mwa mpanda, ndi kudikira panja mpaka athane nazo. Mayi Makawa ndiwo ankayeza magazi mmenemo. Kuyezako n'kwa pachala: kubaya kamodzi ndi kasingano, kudonthetsa magazi pa kapepala koyezera, kenako kudikira mphindi khumi ndi zisanu. Pakatuluka mzere umodzi ndiye kuti mulibe kanthu. Ikatuluka iwiri, amabwereza ndi choyezera china kuti atsimikize. Poyamba ankayeza kachirombo ka HIV kokha. Pambuyo pake panabwera zoyezera matenda a chiwindi, aja ambiri amangoti chikasu chifukwa cha mmene amasinthira maso a munthu.

Anali mayi afupi, a mapewa aakulu, oyenda mofulumira ngati achedwa nthawi zonse. Nyengo yozizira ankavala juzi yobiriwira ya malemu amuna awo, amene ankagwira ntchito ku nazale ya mitengo ya paini pamwamba pa phiri. Manja a juziyo ankawapinda katatu. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo akakwiya kwenikweni ankang'ung'udza m'Chilomwe, mawu amene palibe wa ife ankawamva koma tonse tinkadziwa kuti si madalitso.

M'mawa uliwonse ankabwera ndi fulasiki ziwiri. Ina inali ya tiyi, ina ya madzi ofunda okhaokha. Mu Juni, mphepo ikamatsika kuphiri, zala za anthu ogona pa simenti zimauma ndi kuzizira, ndipo ukabaya magazi satuluka. Mayi Makawa ankayamba aviika dzanja la mkaidi m'kabeseni, kulisisita, kenako kulipukuta ndi thonje. Ankanena kuti kubaya munthu kawiri chifukwa cha changu chako n'kumulakwira, popeza chilango chake anachilandira kale kukhoti. Zala za anthu a khasu ndi nkhwangwa zimakhala ndi zikanga zolimba, choncho ankasankha m'mbali mwa chala chovala mphete, pamene khungu limakhala lofewa ngakhale kwa munthu wogwira ntchito yakalavulagaga. Ndinaona amuna oopedwa ndi selo yonse atatsinzina maso ngati ana, iwo akuwauza kuti atsegule, zatha kalekale.

Nambala ya mkaidi sankaifuna kuimva. Ndikanena nambala ankandiyang'ana mpaka nditchule dzina. Mlandu wa munthu sankafunsanso. Mphindi zodikira zija ankazidzaza ndi mafunso ena: kwanu n'kuti, kumalimidwa chiyani, amabwera kudzakuonani ndani, nanga zikatuluka zoipa mukufuna kuti adziwe ndani. Ankati kubaya chala ngakhale ine akhoza kundiphunzitsa tsiku limodzi, koma ntchito imene anaiphunzira kwa zaka inali ya kukhala ndi munthu pamene akudikira.

Si onse ankawakonda. Anali aukali ndipo sindikumbuka tsiku limene anapepesapo. Namwino wina wachitsikana anamuliza chifukwa chosiya buku la zotsatira lili lotsegula patebulo. Anakanganapo ndi mlaliki wina amene ankabwera kudzapempherera akaidi n'kumawauza kuti wochiritsidwa safunanso mapiritsi. Iwo, ngakhale anali munthu wa mpingo wosajomba Lamlungu, anamudikira pachipata n'kumuuza kuti akadzabwerezanso adzamutenga akaone yekha anthu amene anamumvera. Za malezala ndiye anavuta nazo zaka. Lezala limodzi linkameta selo yonse, ndipo iwo ankati matenda a chiwindi akuyenda pa lezalapo. Akuluakulu ankati malezala ambiri m'ndende ndi zida. Mkangano umenewo sanaupambane kwenikweni, anangopeza kuti ometa azipatsidwa atsopano pang'onopang'ono n'kumabweza akale. Mpaka kupuma ntchito ankaikumbutsabe nkhaniyo pa msonkhano uliwonse.

Mkangano waukulu unali wa chitseko. Lamulo lathu limati msilikali asamusiye mkaidi pamalo posaoneka. Lamulo lawo limati zotsatira za magazi ndi za munthu mwini yekha. Anakokana ndi akuluakulu mpaka anagwirizana kuti chitseko chizikhala chotseka theka, msilikali aziima pakhonde, mapazi asanu kuchokera pakhomo, poti akhoza kuona mutu wa mkaidi koma osamva zolankhula. Mayi Makawa anajambula mzere ndi choko pa simenti. Mvula ikaufufuta ankaujambulanso.

Ine ankanditcha a Sajeni ndisanalandire udindowo, mongondiseka. Mwezi uliwonse, mzere wa akaidi ukatha, ankatulutsa mutu pakhomo n'kundifunsa ngati chala changa chinali cha golide, poti chokhacho ndicho chinali chisanalowe m'kabeseni. Ndinkaseka n'kunena kuti mwezi wamawa.

Nditapita kukawaona akudwala, atapuma kale ntchito, ndinawapeza atagona pamphasa m'chipinda chochezera. Mimba inali itatupa, maso ali achikasu, mapewa aja atatha. Mwana wawo wamkazi ndiye ankawasamalira. Atandizindikira, funso loyamba linali lomwe lija.

“Mwayezetsa, a Sajeni?”

Ndinawauza zoona, kuti ndinayezetsa zaka zingapo zapitazo, m'tauni, pamalo pamene palibe ankandidziwa. Anaseka pang'ono, kuseka kowapweteka m'nthiti.

“Ndiye kuti chitseko changa simunachikhulupirire.”

Sananene mokwiya. Pamenepo ndiye panali pamalo ponenera zimene ndinabwerera, chifukwa ine ndinkadziwa bwino kuposa wina aliyense mmene chinsinsi chinatulukira pachitseko chimenecho. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anali atatseka maso, ndipo mwana wawo anandinong'oneza kuti apumeko. Ndinachoka ndikudziuza kuti ndibweranso Loweruka. Loweruka ndinali pa ntchito. Loweruka linalo tinali ku Malosa.

Nkhani imene ndinkafuna kunenayo ndi ya Jafali.

Jafali anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, wochokera cha ku Domasi. Anamangidwa chifukwa chodula paini m'nkhalango ya kuphiri popanda chilolezo, ndi kuvulaza mlonda pothawa. Anali wachete, wosayambana ndi munthu. Atakhala miyezi ingapo anayamba kuonda, maso n'kusintha mtundu, ndipo anapempha yekha kuti akayezedwe. Ine ndi amene ndinamuperekeza. Tsikulo kunali mvula yamphepo yowomba cham'mbali, ndipo pamalo panga poimirira pankanyowa. Ndinasendera kufupi ndi khomo, kudutsa mzere wa choko. Sindinapite kuti ndikamvetsere. Koma ndili pamenepo ndinaona timapepala tiwiri patebulo, kalikonse kali ndi mizere iwiri, ndipo ndinamva Mayi Makawa akumuuza Jafali kuti ali ndi kachirombo komanso matenda a chiwindi, kuti mankhwala ake ndi amodzi omwewo, ndi kuti palibe amene adzamve nkhaniyi kuchokera kwa iwo.

Selo ya Jafali inali yodzaza. Iye ankagona pakati, pamene anthu amagona chokhala, wina atatsamira mnzake. Pomubweza ndinamumvera chisoni. Ndinaitana nyapala, mkaidi woyang'anira anzake m'selomo, n'kumuuza kuti amupatse Jafali malo a kukhoma. Anandifunsa chifukwa chake, popeza malo a kukhoma ndi a anthu okhalitsa. Ndikanangoti ndalamula, zikanathera pomwepo. Koma ndinafuna kuti amvetse, ndiye ndinamuuza zonse ziwiri.

Pofika tsiku lotsatira chigawo chonse chinali chitadziwa. Za kachirombo anthu anali atazolowerako, koma chikasu ankachiopa, ankati chimayenda m'mbale, m'thukuta, ngakhale m'mpweya. Jafali anapatsidwadi malo a kukhoma, koma pafupi ndi chimbudzi, mnzake wofunda naye bulangete n'kusamuka. Mbale yake ndi kapu yake ankazikankha ndi phazi. Wometa anamukana. Anamupatsa dzina loti Mizere Iwiri.

Patapita masiku atatu Jafali anapempha kuti apite kuchipatala. Ndinamuperekeza ndine. Sanakhale pampando, ndipo sanatsitse mawu, moti ndinamva ndili pamzere wanga.

“Munandilonjeza, Mayi. Ndinakupatsani dzanja langa ndekha.”

Mayi Makawa anamuuza kuti si iwo. Iye anaika botolo la mankhwala patebulo n'kunena kuti sadzamwa kanthu kochokera m'manja mwawo, kenako anatuluka.

Masana ake Mayi Makawa anandiitana. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti tsiku la mvula lija ndinaima pati. Ndinati pamzere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chabwino. Nthawi imeneyo dzina langa linali pa mndandanda wa okwezedwa, ndipo kuulula za umoyo wa mkaidi ndi mlandu woti ukhoza kumuchotsetsa munthu ntchito. Akuluakulu atafufuza, nyapala anati anangomva kwa anthu. Mayi Makawa anati chipindacho n'chawo, chitseko n'chawo, ndipo chilichonse chotuluka mmenemo afunsidwe iwo. Dzina langa sanalitchule. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando wa bwana, osanena kanthu.

Mzere wa oyezetsa unauma. Akaidi ankati ukabayidwa chala m'mawa, madzulo dzina lako lili pabwalo. Ena amene anali kale pa mankhwala anayamba kujomba, kuopa kuoneka akupita kuchipatala. Kwa masabata angapo Mayi Makawa ankabwera ndi fulasiki zawo ziwiri, madzi n'kuzizira osagwiritsidwa ntchito.

Tsiku lina m'mawa, akaidi atakhala m'mizere pabwalo kuti awerengedwe, tinangoona mayiwa akutuluka atanyamula katebulo kawo. Anakaika kutsogolo kwa anthu onse. Bwana wa tsikulo anafuna kuwaletsa, koma iwo anali atayamba kale kupinda manja a juzi. Anapukuta chala chawo ndi thonje, n'kudzibaya okha, n'kudonthetsa magazi pa timapepala tiwiri. Kenako anaitana nyapala wa selo ya Jafali, n'kumupatsa wotchi yawo kuti awerenge mphindi.

Pa mphindi zimenezo anafotokoza za amuna awo. Anati anadwala zaka zija mankhwala asanabwere, anthu akungonong'onezana, ndipo anamwalira osadziwa dzina la chimene chinkawadya. Anati iwo atayezetsa anabisa zotsatira kwa zaka, ngakhale kwa anthu a kuntchito, chifukwa cha mantha omwewo amene ali m'maselo. Zoyezera chiwindi zitabwera, chala choyamba kubayidwa chinali chawo. Nthawi itakwana anamuuza nyapala uja kuti anyamule timapepalato, awerenge mizere mokweza. Anawerenga: iwiri, iwirinso.

“Mwamva,” anatero Mayi Makawa. “Nonse amene mwakhala apa ndinakugwirani manja. Asilikali awa amamwa tiyi wa m'fulasiki yanga. Aime amene anadwala chifukwa cha ine. Matendawa ali m'magazi, ali pa lezala mukubwerekanalo, sali m'mbale.”

Anapempha kapu ya Jafali. Munthu wina anaibweretsa atagwira ndi nsonga za zala. Iwo anathiramo madzi n'kumwa onse. Jafali anali atakhala kumapeto kwa mzere, yekha. Anayang'ana kumbali.

Palibe wa ife amene ankadziwa za umoyo wawo, ngakhale ine amene ndinkaima pakhonde lawo tsiku lililonse. Zinawadyera zambiri. Anadzudzulidwa ndi akuluakulu awo chifukwa choononga zoyezera pa munthu wodziwa kale zotsatira zake. Asilikali ena anasiya kulandira tiyi wawo. Nkhani inatuluka mpanda, inakafika ku Masongola kumene ankakhala, ndipo ndinamva kuti amayi ena a kumpingo anayamba kuwapatsa ntchito zina pa maliro, osati za kuphika. Sanadandaule kwa ine. Koma sabata yotsatira anthu asanu ndi mmodzi anapempha kuyezedwa, ndipo nyapala uja anali mmodzi wa iwo. Mwezi usanathe benchi ya pakhonde inadzazanso.

Jafali yekha sanabwerere. Ankati zimene anachita mayiwa pabwalo zinali zodziyeretsa, kuti chinsinsi chawo anachiulula okha mwa kufuna kwawo, pamene chake anachita kumulanda. Anapitiriza kukana mankhwala mpaka anakomoka, n'kutengeredwa ku chipatala chachikulu m'tauni. Ndinapatsidwa ntchito yomulondera pabedi. Kwa masiku ambiri ndinakhala pampando pambali pake, tili awiri, ndipo kangapo konse ankatukwana Mayi Makawa ine ndikumva. Ndinkangomuuza kuti apume. Anayamba mankhwala kuchipatalako, kuchokera kwa namwino wina, ndipo anachira pang'onopang'ono. Mayi Makawa anabwera kudzamuona kawiri. Ulendo uliwonse Jafali ankafunda kumutu. Tsiku lotuluka m'ndende anadutsa pakhomo pa kachipatala osayang'anako.

Udindo wa usajeni ndinaulandira chaka chomwecho. Mayi Makawa anandigwira dzanja n'kunena kuti tsopano dzina lapeza mwini. Tinagwirabe ntchito limodzi zaka zina zinayi. Sanandikumbutsepo nkhani ija, ngakhale mwa nthabwala, iwo amene sankasunga mawu m'kamwa. Chimene chinasintha n'chakuti mvula ikamagwa ankatuluka n'kundipatsa ambulera yawo, osanena chilichonse. Ndinkailandira. Ndikuganiza kuti ankadikira kuti ndinene ndekha. Ine ndinkadikira tsiku labwino lonenera.

Patatha mwezi chiikireni maliro ndinakwera msewu wa kuphiri. Ndinali nditamva kuti Jafali amagulitsa zipatso cha kumtunda, pafupi ndi njira yopita ku damu la Mulunguzi. Ndinamupeza atakhala pamwala, patsogolo pake pali timadengu ta magalagadeya ndi mabulosi. Anali atanenepa, ndevu zitayamba imvi. Anandizindikira, n'kundipatsa moni wa ulemu, akunditcha bwana monga kale. Za maliro anali atamva. Anati sanapite.

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa mvula ija. Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala nthawi akusanja zipatso zimene zinali zosanjika kale. Kenako anandiuza kuti atatuluka m'ndende mayiwo anakwera phirilo kawiri kudzamufuna, kuti adzamufunse ngati akumwabe mankhwala. Ulendo woyamba anachita ngati sakuwadziwa. Wachiwiri atawaona akubwera anasiya madengu pamsewu n'kulowa m'mitengo. Anawaona ali chiimire, akupuma movutikira, mpaka anatopa n'kuyamba kutsika.

“Anandiuza kuti si iwo,” anatero Jafali. “Ndinawafunsa kuti nanga ndani, anakana kutchula. Ine ndinati n'chifukwa choti palibe wina.”

Ndinati ndabwera kudzapepesa.

“Inu mwapeza munthu woti mumupepese, bwana. Nanga ine ndikapepese kwa ndani?”

Galimoto ya alendo inaima, iye ananyamula kadengu n'kupita pawindo. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinatsika.

Atapuma ntchito, Mayi Makawa anakhalabe ku Masongola, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kumapeto kwa kanjira. Anthu otuluka m'ndende ankapadziwa. Ena ankafikira pomwepo asanakwere minibasi ya kwawo, kuti mayiwo awauze kumene azikalandirira mankhwala ndi mmene akayambire nkhaniyo kwa akazi awo. Ankakhala pa kakhoma ka khonde, mayiwo ali pampando akusenda nandolo ndi kuwakalipira.

Ndinadutsako dzulo pochokera kuntchito, nditavala zovala wamba. Mwana wawo anasamutsa katundu kalekale, ndipo mwini nyumba akuti akufuna kusintha malata asanalowetse munthu wina, koma sanayambe. Pachitseko pali loko watsopano. Makatani anachotsedwa, moti ukasuzumira umaona simenti yokha ndi misomali m'khoma. Udzu wafika m'mawondo, watseka njira ya kumpopi. Kumbali kwa nyumba nandolo wawo anabereka yekha, waumira mumtengo, makoko ena asweka n'kumwaza mbewu pansi. Kakhoma ka khonde kadakali kosalala pamene anthu ankakhala. Mayi wa nyumba yoyandikana anandiona nditaima, anandifunsa ngati nanenso ndatuluka kumene. Anati anthu otuluka m'ndende amabwerabe, mmodzi kapena awiri pamwezi, atanyamula kajumbo ka zovala. Amagogoda, amakhala pa kakhomapo kudikira, mpaka iye atuluke kukawauza kuti mayiwo anamwalira.